Dzanja Limene Anakweza a Rapson

Alamu anga, a Rapson Kadzuwa, ndi munthu woti mukawaponda phazi m'basi amene amayamba kupepesa ndi iwo. Ndinawadziwa ndili Fomu 2, tsiku limene anabwera kwathu ku Mponela kudzaonekera kwa amalume pa nkhani ya mkulu wanga Annet. Anavala jekete la achimwene awo, manja ake obisa zala. Anakhala pampando kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, osanena chimene abwerera, kudikira kuti amalume awafunse. Amalume nawonso ankadikira kuti mlendo ayambe. Pakadapanda ine kutulukira ndi madzi akumwa n'kufunsa kuti, "Kodi achimwenewa akudikira basi?" bwenzi mpaka lero ali pomwepo. Kuyambira tsiku limenelo ndimawaseka mmene ndafunira, poti mlamu ndi wosewera naye, ndipo iwo amangomwetulira.

Kwathu anali mphunzitsi wa pulayimale, ndipo kwa zaka khumi ndi zinayi ndiwo ankakonza mipikisano ya masewera ya sukulu za m'dera lathu. Ankatenga kalendala yakale, kuitembenuza, n'kulemba ndi rula kuti sukulu iyi ikumana ndi iyi nthawi yakuti. Anali ndi lamulo limodzi limene sankalisintha ngakhale ahedi atakwinya nkhope: sukulu yochokera kutali isayambe kusewera, ndipo mwana amene wayenda mtunda asabwerere atasewera kamodzi kokha. Ankati mwana wadzuka tambala woyamba, wawoloka madambo awiri, ndiye umuuze pofika 9 koloko kuti zake zatha? Anthu ankawatcha a Chilungamo, ena mowalemekeza, ena mowanena.

Ine ndinayamba kubwera kuno ku Birmingham, pa ntchito ya unamwino. Iwo ndi Annet anafika mu 2022 ndi mwana wawo mmodzi, Mwaiwathu, ali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Anapeza nyumba ku Handsworth, mwa nyumba zogundanagundana zija zoti mnzako akayetsemula umamuyankha. Onse awiri analowa ntchito yosamalira okalamba, m'malo osiyana. A Chilungamo aja, amene likhweru lawo linkamveka mpaka kumsika, anayamba kumeta ndevu za azigogo, kuwasambitsa ndi kuwamwetsa phala. Sanadandaule. Chikalata chowalola kukhala m'dziko muno chinali chomangirira ku ntchitoyo, choncho rota ya mashifiti ikatuluka ankangoilandira ndi manja awiri. Loweruka lililonse inkawaika kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 2 koloko masana, ndipo Annet tsiku lomwelo ankagwira mpaka madzulo.

Mwaiwathu miyezi yoyamba anali ngati nkhuku yogula. Kusukulu sankayankhula, kunyumba ankangokhala pawindo. Tsiku lina tikudutsa m'paki, mpira waung'ono wolimba unagubuduka mpaka pamapazi ake. Anautola n'kuubweza. Mwanayu kwathu anali katswiri wa fulaye, ndiye mpirawo unadutsa ana atatu n'kukalira m'dzanja la bambo wina wachikulire amene anaima patali. Bamboyo anayang'ana dzanja lake, anayang'ana mwana, n'kuyamba kubwera kuli ife akuseka.

Anali a Marvin, amene makolo awo anachokera ku Jamaica, dalaivala wa basi wopuma ntchito. Ankaphunzitsa ana a m'deralo baseball. Ngati simunawaonepo masewerawa, musadziderere, nanenso ndinkangoti mpira wa chibonga. Wina amaponya mpira, wina amaumenya ndi chibonga n'kuthamanga kuzungulira malo anayi, ndipo akabwerera pamene anayambira asanamugwire, ndiye kuti wagoletsa. Ogwira mpira amavala golovesi yaikulu yachikopa kudzanja limodzi. A Marvin anapatsa Mwaiwathu golovesi imene mwana wawo wamkazi ankavala kalekale, anamupezera yunifolomu, ndipo ine ndikakhala pa shifiti ankadzamutenga pa galimoto yawo. Pasanathe miyezi itatu mwana uja anayamba kuyankhula mpaka kutopetsa, zonse m'Chingelezi.

Masewera a timu yawo ankachitika Loweruka m'mawa. Kotero alamu anga sanamuonepo mwana wawo atavala yunifolomu pabwalo. Lachitatu akaweruka ankapita naye kupaki, iwo kuponya, iye kumenya, iwo kuthamangira mpira ndi nsapato zakuntchito. Pobwerera mwanayo ankafunsa funso lomwelomwelo.

"Dad, when are you coming to watch?"

"Ndibwera, mayi. Pa chikho ndidzakhalapo," ankatero.

Chikho chimenechi chinali mpikisano wa tsiku limodzi, mwezi wa Julaye, wa matimu asanu ndi atatu a ana osapitirira zaka khumi ndi ziwiri, ochokera ku Birmingham, ku Coventry ndi madera ozungulira. Kwa Mwaiwathu chinali choyamba komanso chotsiriza, chifukwa mu Seputembala ankakwanitsa zaka khumi ndi zitatu. Alamu anapempha tsikulo kuntchito, koma masiku a tchuthi a chilimwe anali atatengedwa kale ndi amene anakhalitsa. Anayesa kusinthana ndi mnzawo, sizinatheke. Zimene zikanatheka zinali zoti aweruke 2 koloko, akwere basi, atsike pabwalo 2:40.

Ndiye panali nkhani ya kaseweredwe ka chikhocho. Kuyambira kale chinali chachipulula: wagonja, kwanu. Koma chaka chimenecho makolo ena ankafuna chikhale cha m'magulu, kuti timu iliyonse isewere katatu, masewera otsiriza akuyamba 3 koloko. Alamu atamva, maso anawala. M'magulu, kaya timu ya mwana wawo ikhale yofooka bwanji, pofika 2:40 akanampeza asanamalize. Anatenga pepala la kalendala ndi rula, monga kale, n'kulemba dongosolo lonse: mabwalo awiri, masewera a mphindi makumi asanu, amene akuchokera kutali asayambe.

Vuto linali limodzi. Wapampando wa komiti ya matimu onsewo anali a Marvin, ndipo a Marvin ankakonda chipulula. Ankati oyimbira alipo awiri okha, bwalo ndi la tsiku limodzi, komanso mwana ayenera kuphunzira kuti pali masewera ena amene ukagonja palibe mawa. Popeza wapampando saponya voti, voti ya timu ya Handsworth anaipereka kwa kholo limodzi. Anasankha a Rapson, atamva kuti kwawo anali mphunzitsi wa masewera. Alamu anaona ngati awaveka chipewa cha ufumu.

Anachita monga timachitira kwathu. Sabata imodzi msonkhano usanachitike anakazinga mtedza, kuuthira mchere, n'kupita nawo kunyumba kwa a Marvin. Anacheza za nyengo, za mabasi, za mabondo a a Marvin. Atatsala pang'ono kutsanzika ndi pamene anati pali makolo ena, osati iwo ayi, makolo ena chabe, amene amaweruka mochedwa Loweruka. A Marvin anavomera kuti n'zomvetsa chisoni, n'kuti nkhani zotere ndi zimene msonkhano umafuna kumva. Alamu anabwerako mtima uli m'malo. Kwa iwo, mkulu ukamufikira kunyumba n'kumunong'oneza, pagulu ndiye amayala mphasa n'kukuitana kuti ukhalepo.

Msonkhano unachitika Lamlungu masana mu holo ya tchalitchi china. Ndinawaperekeza pa galimoto yanga, ndipo popeza kunja kunkagwa mvula ndinalowa n'kukhala kumbuyo, pafupi ndi mpopi wa tiyi. Matimu asanu ndi awiri anatumiza anthu, imodzi sinabwere.

Mayi wina wa ku Foleshill ku Coventry, dzina lake Melissa, ndiye anatsegula moto. Anati chaka chatha mwana wake Aiden anadzuka 6 koloko, anakwera sitima ndi basi, anagwira chibonga kamodzi, anaphonya katatu, n'kubwerera kwawo. Anafunsa kuti chikhocho ndi cha ana onse kapena cha matimu awiri amene amafika kumapeto chaka chilichonse. Bambo wina wa timu yamphamvu anamudula, nati chikho chopanda kugwetsana ndi pikiniki, ndipo si chilungamo kuti timu yolimbikira chaka chonse izitaya nthawi ndi timu imene yangobwera kudzadya masangweji. Wina anati m'magulu matimu amatha kufanana mapointi, ndiye mudzakangana mpaka dzuwa kulowa. Wina anati chipulula chimadalira mwayi wa maere, mukakumana ndi akatswiri m'mawa basi mwapita. Ankadulana mawu, kulozana zala, kuseka, kuyambiranso. Palibe amene ankapempha mpata.

Alamu anga anakhala mowongoka, pepala lawo lili m'thumba la jekete, maso ali pa a Marvin. Kawiri anatukula chala mpaka pachifuwa, n'kuchibweza. Ine kumbuyo ndinkatsokomola dala mpaka mayi wina anandipatsa madzi. A Marvin atayang'ana wotchi n'kufunsa ngati pali china, alamu anaimirira, kumanga batani la jekete, n'kuyamba kuti choyamba athokoze apampando chifukwa cha ntchito yaikulu imene akugwira pakati pa ana athu. Asanafike pachiwiri, bambo wa pikiniki uja anati holo akuifuna eni ake 4 koloko, tiyeni tivote. Alamu anapepesa n'kukhala pansi.

A Marvin anafunsa ofuna za m'magulu. Manja atatu anakwera. La alamu linali pabondo. Ndinati mwina sanamve. Anafunsa ofuna chipulula, manja atatu anakwera. Kenaka onse anatembenukira kwa munthu mmodzi amene anatsala, ndipo a Marvin anamumwetulira, kumwetulira wamba kwa munthu amene amakukonda. Ndinaona dzanja la alamu likuchoka pabondo pang'onopang'ono mpaka linafika m'mwamba.

M'galimoto sindinadikire n'komwe kuti amange lamba.

"Alamu, mwatani pamenepa? Mwaponya voti yodzitsekera nokha kunja!"

"Mlamu, munthu amene waveka mwana wako, sumutsutsa pagulu. Akanaoneka bwanji, timu yawo yomwe ikuwakana?"

"Akanaoneka ngati munthu! Kuno amatsutsana kenaka n'kukamwera limodzi tiyi. Simunawaone? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, alamu. Inu mumadikira kuti a Marvin akutsekulireni?"

Tinadutsa maloboti awiri. Kenaka anati, "Akapambana masewera awiri oyamba, otsiriza ali 3 koloko. Ndidzawapeza." Ananena motsitsa, akuyang'ana pawindo. Ndinakwiya kwambiri moti ndinaphonya msewu wakwawo.

Maere anagwa mmene amagwera kwa anthu ngati ife. Timu ya Handsworth inakumana ndi timu ya bambo wa pikiniki uja, 9 koloko m'mawa, masewera oyamba penipeni. Tsikulo kunacha bwino. Mwaiwathu ndinamutenga ndine, ataluka tsitsi mizere iwiri kuti chipewa chikhale bwino. Njira yonse ankawerengera kuti akapambana awa ndi enawo, adadi adzafika iye akukonzekera fainolo.

Ana athu analimba kuposa mmene aliyense ankaganizira. Chakumapeto anali kumbuyo ndi zigoli zitatu, anzake awiri ataima pa malo awo kudikira womenya, ndipo womenyayo anali Mwaiwathu. Ndinatulutsa foni kuti ndijambulire alamu. Mpira woyamba anauphonya. Wachiwiri unalira kuti phwaa, n'kukwera, kudutsa ana onse, kudutsa mzere, mpaka kukagwa pafupi ndi mpanda pamene pali mtengo waukulu. Mwana anathamanga malo onse anayi chipewa chitagwa, anzake awiri ali patsogolo. Ine ndinaiwala kuti ndili ku Ulaya. Ndinalumpha, ndinaimba nthungululu, azungu mpaka anatembenuka. Nditayang'ana foni pambuyo pake, ndinapeza kuti ndajambula udzu ndi nsapato zanga. Mumangomveka kulira kwa chibonga ndi kukuwa kwanga.

Zigoli zinafanana, koma anzathuwo anagoletsa chimodzi pomaliza. Pofika 10 koloko zathu zinali zitatha. Makolo anayamba kupinda mipando, ana ena akulira, ena akufunsa za ayisikirimu. Ndinatumiza uthenga kwa alamu ngakhale ndinkadziwa kuti foni amaisiya m'loka mpaka poweruka. Ndinauza Mwaiwathu kuti tizipita, tikawadikire kunyumba.

"No, Auntie. He said he's coming."

Anakana kuvula yunifolomu, anakana ndi golovesi yomwe. Tinakhala pa udzu maola anayi ndi theka, kuonera ana a eni akusewera. Chakudya chimene ndinamugulira anangochinyamula m'manja.

Basi ya 2:40 inaima, alamu n'kutsika, akadali mu yunifolomu yawo yakuntchito, atanyamula jumbo ya malalanje amene anasenda m'mawa kuti adzagawire timu yonse. Uthenga wanga anali atauwerenga m'basi. Anayenda kudutsa bwalo lonse osathamanga, ndipo atafika anagwada pa udzu kuti afanane msinkhu ndi mwana.

"We lost, Dad. At ten o'clock."

"Ndamva, mayi. Ndamvanso kuti mwamenya mpira wosaoneka n'kale."

Apa ndi pamene ndinalakwa ine, ndipo ndikuvomera. Pakamwa pangapa amayi ankanena kuti padzandipalamulira. Dzuwa linali litandiwotcha, mtima ukuwawa chifukwa cha mwana, ndiye ndinangoti, "Ndi dzanja lanu lija limeneli, alamu. Bwenzi pano akukonzekera masewera achitatu."

Mwaiwathu amayankha m'Chingelezi koma Chichewa amamva chonse. Anayang'ana ine, n'kuyang'ana bambo ake.

"What hand?"

Munthu wina akananama. Alamu anga sadziwa kunama. Anamufotokozera zonse ali chigwadire: za msonkhano, za manja atatu uku ndi atatu uku, za a Marvin ndi golovesi. Mwanayo anamvetsera mpaka kumapeto.

"So you voted for it," anatero.

Sanalire, ndipo kukanakhala bwino akanalira. Anavula golovesi, anaiika m'jumbo pamwamba pa malalanje, n'kuyamba kulowera ku galimoto. Kumbuyo kwathu oyimbira ankaitana matimu awiri a fainolo. Alamu anatsalira pang'ono, akusasa udzu m'mabondo.

Mu Seputembala a Marvin anabwera okha kunyumba kudzapempha kuti Mwaiwathu alowe timu ya ana okulirapo. Mwanayo anawalandira bwino, anawapangira tiyi, n'kukana mwaulemu ngati bambo ake. Anati ali ndi homuweki yambiri. Atakwera kuchipinda, Annet ndiye anaulula nkhani yonse. A Marvin anagwira mutu.

"Rapson, bwanji sunanene? Ine ndikanakhumudwa chifukwa cha voti? Anthu amanditsutsa chaka chilichonse!"

"Ndinabwera kwanu, bambo," anatero alamu.

"Unabwera ndi mtedza! Unandiuza za makolo ena. Ukanati ndi iweyo, ndikanakuimiritsa ndekha kuti uyankhule."

Alamu anapepesa. Ndinkafuna kuwagenda ndi supuni, koma nditaona mmene anakhalira, manja ali pakati pa mabondo, ndinawamvera chisoni chimene sindinawamverepo chiwadziwireni.

M'nyumbamo simunakhale mkangano. Bambo ndi mwana ankalonjerana, ankakumbutsana tsiku lotulutsa mabini, iwo ankasaina mapepala akusukulu. Koma za Lachitatu kupaki zinatha. Golovesi alamu anaipukuta, kuipaka mafuta, n'kuiika pamwamba pa firiji pamene mwana angaione, ndipo inakhala pomwepo dzinja lonse. Anandipempha kuti ndiwatumizire kanema wanga wa udzu uja. Ndinkachita manyazi, koma anaumirira. Annet anandiuza kuti m'mawa uliwonse akamadikira ketulo amamuonera, foni ataiyandikitsa kukhutu. Ndi wa masekondi khumi ndi asanu ndi anayi.

Mu Januwale anapita kwa manijala n'kupempha Loweruka la chikho, miyezi isanu ndi umodzi isanafike. Anawapatsa. Ndinawafunsa kuti tsikulo akalitani, poti mwana sakusewera. Anati, "Mlamu, mwina asintha maganizo." Ndinawakumbutsa kuti ngakhale asinthe, zaka zamupitirira. Anati akudziwa.

Msonkhano wotsatira ndinawaperekezanso, holo yomweyo, koma ulendo uno matimu onse asanu ndi atatu analipo. A Marvin anali asanamalize kulonjera pamene alamu anaimirira. Sanathokoze aliyense. Anayala pepala la kalendala patebulo. Bambo wa pikiniki atayesa kuwadula, iwo anakweza mawu, mawu aja a pabwalo la ku Mponela amene ndinali nditawaiwala. Anati sanamalize.

Anawauza kuti m'matimu amenewa muli ana a anthu amene Loweruka amadzuka kukasambitsa makolo a anthu ena, ndipo saweruka 2 koloko isanakwane. Anati chipulula chimasankha katswiri, inde, koma chimasankhanso kholo limene lidzaone mwana wake ndi limene silidzamuona. Anaonetsa mmene matimu angasewerere katatu pa mabwalo awiri, opambana m'gulu lililonse n'kudzalimbirana chikho madzulo, kuti okonda kugwetsana nawonso asadandaule. Za oyimbira anati wachitatu ndi iwo, malamulo awaphunzira dzinja lonse. Pomaliza anati chaka chatha voti imene inapambanitsa chipulula inali yawo, ndipo mwana wawo anamenya mpira mpaka kumpanda iwo akumeta munthu ndevu. Melissa wa ku Foleshill anapukuta m'maso. Manja asanu ndi limodzi anakwera, awiri anatsala, ndipo a Marvin anadzuka pampando kudzawagwira chanza.

Kunyumba anauza Mwaiwathu kuti zasintha, ndipo iwo akaimbira. Anamupempha kuti abwere adzangoonera.

"That's good, Dad. I'll see," anayankha, maso ali pa foni.

Tsiku la chikho alamu anafika pabwalo 7 koloko, kuthandiza kulemba mizere. Anavala chotchinga kumaso ndi pachifuwa n'kuima kumbuyo kwa womenya, ndipo anaimbira bwino, mosakondera, ngati munthu amene anabadwira m'masewerawa. Timu ya Handsworth inagonja masewera oyamba, koma palibe amene anapinda mpando. Ana anadya malalanje awo n'kukonzekera achiwiri. Ine ndinkaona chimodzi chokha: basi iliyonse ikaima pamsewu, mutu wa alamu unkatembenuka.

Ya 2:40 inatsitsa amayi atatu ovala yunifolomu zosamalira okalamba, zikwama zili m'khwapa, akuthamanga chothamanga cha anthu amene aima chiimire kuyambira m'mawa. Mmodzi anali Kondi, wa ku Chipata, amene timapemphera naye. Anafika mwana wake akutenga chibonga pa masewera achitatu. Mwanayo anangougunda pang'ono mpirawo, unagubuduka mapazi angapo, iye n'kufika pa malo oyamba movutikira. Koma Kondi anaponya chikwama pansi, nthungululu mpaka ku Coventry. Alamu anangoyang'ana Kondi mpaka kochi wina anawakumbutsa kuti masewera akudikira iwo. Pambuyo pake Kondi anadzandifunsa kuti kodi ndani anaganiza zoti ana azisewera mpaka masana, Mulungu amudalitse. Ndinamuuza kuti ndi komiti.

Mwaiwathu sanabwere. Anapita m'tauni ndi anzake, anatumiza uthenga kwa mayi ake kuti abwera 6 koloko.

Chikho chitaperekedwa, anthu atayamba kubalalika, ndinawapeza alamu akulongedza zotchinga zawo. M'chikwamamo ndinaona golovesi ija, anali ataitenga pafiriji m'mawa. Anaona kuti ndaiona, n'kutseka zipi. Ndinakonza zowaseka kuti a Chilungamo abwerera pa udindo, koma ndinazisiya.

"Mlamu," anatero, "pakanema paja pamangooneka udzu. Tandionetsani pamene unagwera."

Tinayambira pamene amaima womenya. Tinadutsa pa woponya, tinadutsa malo achiwiri, tinadutsa mzere woyera umene iwo omwe analemba m'mawa, mpaka pafupi ndi mpanda pansi pa mtengo uja. Ndinaloza ndi phazi. Alamu anaika chikwama pansi, anaima pamalopo, n'kutembenuka kuyang'ana kumene tachokera. Anayang'ana nthawi yaitali, dzanja lili pachipumi kutchinga dzuwa.

"N'kutalitu," anatero. "Ndiye mwana wanga ameneyo?"

"Wanu, alamu."

"Chipewa chinagwera pati?"

Ndinawatenganso kukawaonetsa.